Chichewa pa khomo la Oscar: mbendera ndi ya yani?

Kuseri kwa msika wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, kuli kanyumba ka vidiyo komwe mphwanga amatolera ndalama pakhomo. Mkati muli mabenchi a bulugamu, TV anaikhazika pamwamba pa shelefu, ndipo sipika imodzi anaitulutsa panja kuti odutsa m'njira azimva mfuti ndi mawu a womasulira. Tsiku lina mu Malichi 2025, mvula itatitsekereza momwemo, mnyamata wina anandionetsa pafoni chithunzi cha bambo waimvi atanyamula kachifanizo kagolide. Pansi pake analemba m'Chipwitikizi kuti dziko la Brazil lapata koyamba Oscar, mphotho yotchuka ya mafilimu. Mnyamatayo anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi amasankha zimenezi ndani? Nanga filimu ya m'Chichewa ingapate?"

Ndinangoti ndi a ku America, popeza filimu inali itayamba ndipo anthu ankafuna bata. Yankho limenelo linali loperewera. Nkhaniyi ili ndi makhota ambiri, ndipo khota lomwe ambirife kuno sitilidziwa ndi lakuti chilankhulo chathu chinafikapo kale pa khomo la mpikisanowu kangapo konse. Chinafika chitanyamula mbendera ya Malawi, chinafikanso chitanyamula ya Britain.

Mwini mwambowu ndi bungwe la Academy of Motion Picture Arts and Sciences, lomwe anthu opanga mafilimu analikhazikitsa ku Los Angeles mu 1927. Mwambo woyamba unachitika pa 16 Meyi 1929 mu hotela ya Hollywood Roosevelt. Unali mgonero chabe wa anthu pafupifupi 270, kupereka mphotho kunatenga mphindi 15, ndipo opambana ankadziwika kale chifukwa mayina awo anali atalengezedwa miyezi itatu m'mbuyomo. Masiku ano umachitikira ku Dolby Theatre, kawirikawiri kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi. Iwo akamayamba madzulo, kuno kumakhala kuli pakati pa usiku, n'chifukwa chake ife timangodzuka n'kupeza zithunzi pa Facebook, chimanga chili pa ngaiyaye m'minda. Kachifanizo kaja ndi kotalika masentimita 34, kamalemera makilo pafupifupi 4, ndipo ndi kachitsulo kokutidwa ndi golide. Ndalama palibe. Wopambana saloledwa n'komwe kukagulitsa kwa wina asanalipatse bungwelo mwayi wokagula pa dola imodzi. Phindu limabwera pambuyo: filimu imagulidwa m'mayiko ambiri, ndipo woipanga akafuna ndalama za filimu yotsatira, zitseko zimatseguka msanga.

Tsono funso loyamba la mnyamata uja. Osankha si boma la America, si atolankhani, ndipo si oonera wamba ngati ife. Ndi mamembala a bungwelo, omwe oponya voti alipo pafupifupi 10,000, onse ogwira ntchito ya mafilimu. Umembala sagula, amachita kukuitana, kaya chifukwa mamembala awiri a nthambi yako akuikira kumbuyo kapena chifukwa dzina lako linalowapo pa mndandanda wa opikisana. Nthambizo zili malinga ndi ntchito: ochita sewero, otsogolera, olemba nkhani, ojambula, odula ndi kulumikiza zithunzi, okonza mawu, osoka zovala, oimba ndi ena. Pa ulendo woyamba, m'magulu ambiri aliyense amasankha anzake a ntchito yake. Ojambula amasankha ojambula asanu, olemba amasankha olemba, monga momwe mmisiri wa njerwa amadziwira khoma lowongoka kuposa wongodutsa. Pa ulendo wachiwiri onse amavotera magulu onse.

Mphotho yaikulu, ya filimu yoposa zonse, ili ndi kawerengedwe kakekake. Mafilimu opikisana amakhala 10, ndipo wovota amawandandalika kuyambira yomwe yamugwira mtima kwambiri mpaka yotsiriza. Owerenga amaunjika mavoti malinga ndi filimu yomwe ili pa nambala 1. Ngati palibe yomwe yapitirira theka, mulu waung'ono kwambiri amaugumula, mavoti ake n'kuwagawira milu ina poyang'ana nambala 2, n'kumatero mpaka imodzi itapitirira theka. Lamulo lathu la zisankho limati wopikisana pa upulezidenti akapanda kupitirira theka tikavotenso kachiwiri. Iwo ulendo wachiwiriwo amauchitiratu pa pepala lomwelo. Zotsatira zake n'zakuti filimu yomwe ambiri aiika pachiwiri kapena pachitatu ikhoza kugwetsa ina yomwe gulu lina laikonda zedi pamene gulu lina laiika kumchira. Mavoti amawerenga ndi a kampani ya PricewaterhouseCoopers, ndipo zotsatira zimasungidwa m'maenvelopu. Mu 2017 wina anapereka envelopu yolakwika, La La Land inalengezedwa kuti yapambana, eni ake anakwera pa nsanja n'kuyamba kuthokoza, kenako zinadziwika kuti mphothoyo inali ya Moonlight.

Kudziwa ovota n'kofunika chifukwa munthu amavotera chomwe maso ake anazolowera. Mu 2015 komanso mu 2016, anthu onse 20 omwe anapikisana pa mphotho za ochita sewero anali azungu okhaokha. Dandaulo linakula, ndipo bungwelo linayamba kuitana mamembala atsopano ambirimbiri, akazi, anthu akuda, ndi a mayiko ena. Mu 2020 Parasite ya ku South Korea inakhala filimu yoyamba yosalankhula Chingerezi kupata mphotho yaikulu ija. Ine ndimaona kuti zinthu ziwirizi n'zolumikizana.

Khomo lomwe likutikhudza ife ndi la mafilimu a mayiko akunja. Linayamba kukhala mpikisano wa chaka ndi chaka pa mwambo wa 1957, ndipo mu 2019 analisintha dzina kukhala Best International Feature Film. Malamulo ake amawakonza nthawi ndi nthawi, koma kwa zaka zambiri msana wake wakhala womwewo, ndipo ukauwerenga uli ku Angónia umaona pomwe pali minga.

Munga woyamba: pa malamulo a mu 2025, wopanga filimu sankadzitumizira yekha. Dziko lililonse limatumiza filimu imodzi pa chaka, ndipo yosankha ndi komiti ya anthu a ntchitoyi m'dzikomo, yomwe bungwe la ku Los Angeles laivomereza. Dziko likakhala lopanda komiti, kapena komiti ikapanda kukhala pansi chaka chimenecho, ngakhale filimu itakoma chotani inkagonera pakhomo. Mphothoyo inkawerengedwa kuti ndi ya dziko, wotsogolera filimu ankangoilandira m'malo mwake. India, yemwe amatulutsa mafilimu oposa 1,000 pa chaka, amatumiza imodzi. Mozambique nayenso imodzi.

Lamulo la chilankhulo ndilo lomwe mnyamata uja akanasangalala nalo. Mawu opitirira theka a mufilimu ayenera kukhala a chilankhulo china, Chingerezi ayi. Mu 2019 dziko la Nigeria linatumiza koyamba filimu yake, Lionheart ya Genevieve Nnaji, koma inabwezedwa chifukwa mwa mphindi 95 za filimuyo, za Chiigbo zinali pafupifupi 11 zokha. Anthu anakwiya, ena n'kumati Chingerezi ndicho chilankhulo cha boma ku Nigeria, nanga alakwa chiyani. Ine mkwiyowo ndimaumvetsa, komabe lamuloli lili ndi mbali ina yomwe imatikomera. Kwa wopanga mafilimu wa ku Malawi kapena ku Zambia, likumuuza kuti akafuna kulowa pakhomoli alankhule Chichewa, Chitumbuka, Chibemba, chilankhulo cha amayi ake. Kuno kwathu zimasiyana pang'ono. Chipwitikizi si Chingerezi, choncho chimadutsa popanda vuto, ndipo palibe chomukakamiza wa ku Maputo kuti ajambule m'Chichewa, m'Chinyungwe kapena m'Chisena. Khomo n'lotsegukira zilankhulo zonsezi mofanana, koma wokhala pafupi ndi makamera, ndalama ndi komiti ndiye amayamba kulowa.

Munga wowawa kwambiri ndi wa holo. Filimu iyenera kukhala yopitirira mphindi 40, ndipo iyenera kuonetsedwa m'holo ya kanema yolipiritsa kwa masiku 7 otsatizana isanatuluke pa TV kapena pa intaneti. Kanyumba ka mphwanga sikawerengedwa, ngakhale anthu amalipira pakhomo ndipo Loweruka amakhala mothinana mpaka ena pansi. Taganizani momwe achinyamata athu amachitira ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Furancungo. Akamaliza kujambula lero, mawa sewero lili pa YouTube, mkuja lili m'mamemori kwa anyamata othira nyimbo pamsika. Sindikuwanena, pakuti ndi njira yokhayo yomwe ntchito yawo imafikira anthu. Koma pa malamulo a Oscar, tsiku lomwe wakweza filimu pa intaneti ndi tsiku lomwe wadzitsekera khomo. Pamwamba pa izi pamafunika mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa zithunzi, omasuliridwa molondola, ndi umboni wakuti nzika kapena okhala m'dziko lotumizalo ndiwo anali ndi mphamvu pa kapangidwe ka filimuyo. Mafilimu onse akafika, amasefedwa kutsala 15, kenako 5, kenako imodzi.

Dziko lathu linalowa koyamba mu 2017 ndi Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo, mbadwa ya ku Brazil yomwe yakhala ku Mozambique kuyambira zaka za m'ma 1970. Nkhani yake ndi ya sitima yochoka ku Nampula kulowera ku Cuamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati, itanyamula anthu opita kukasinthitsa mchere ndi shuga ku Malawi. Aliyense wa kuno amene anakula nthawi imeneyo safuna womasulira kuti amvetse chifukwa chomwe mayi angaikire moyo pachiswe chifukwa cha thumba la shuga. Chaka chimenecho mayiko 92 anatumiza mafilimu, ndipo mphotho inapita ku Chile. Chaka chotsatira Malawi analowa koyamba ndi The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, pakati pa mayiko 87, ndipo inapambana ndi Roma ya ku Mexico, momwe mukumveka Chisipanishi ndi Chimixtec, chilankhulo cha eni nthaka a kumeneko. Mu 2021 Malawi anatumizanso Fatsani ya Gift Sukez Sukali, nkhani ya mtsikana wogulitsa nthochi m'tauni.

Za Britain ndizo zimadabwitsa anthu ndikamawafotokozera. Dziko la eni Chingerezi silingatumize filimu ya Chingerezi pakhomoli, choncho limayang'ana mafilimu omwe nzika zake zapanga m'zilankhulo zina. Mu 2018 linatumiza I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, filimu yojambulidwa ku Zambia momwe Chinyanja chikumveka pamodzi ndi zilankhulo zina. Mu 2019 linatumiza The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, mnyamata yemwe anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi atasiya sukulu chifukwa cha njala. Zaka ziwiri zotsatizana, chilankhulo chomwe timagulira tomato pa Lizulu chinaimira Britain ku Los Angeles. Mwa mafilimu onse ndatchulawa, palibe yomwe inadutsa sefa yoyamba.

Filimu ya Kamkwamba ndinaionera pafoni ndi amalume anga, tonse titaweramira kagalasi kamodzi pakhonde. Gule atatulukira pa maliro, amalume anawongoka n'kuyandikira. Bambo wa mufilimuyo atayamba kulankhula, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mphwanga, uyu Chichewa anachita kuphunzira ali wamkulu." Ananena zoona. Ejiofor ndi wa ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria, mnyamata wosewera William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo mayi ake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Anayesetsa, ndipo ine ndimawalemekeza chifukwa akanatha kungolankhula Chingerezi chokhachokha. Koma zomwe amalume anamva ndi khutu, wovota wa ku Los Angeles sangazimve. Iye chilankhulo chathu amachiweruza ndi maso, powerenga timizere ta pansi. Mwambi ukagwa pamalo pake, mpongozi akayankhidwa mwaulemu wake, mawu akakwera pomwe amayenera kutsika, zonsezo kwa iye n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndimati mphotho imeneyi ingatiuze kuti filimu yayenda ulendo wautali, koma singatiuze ngati Chichewa chake chili chokoma. Oweruza a zimenezo ali pa mabenchi a bulugamu aja.

Palinso nkhani ya mbendera. Kuchokera ku Dedza kutsikira ku Ntcheu, m'malo ambiri msewu wa tala ndiwo malire: kuno Mozambique, uko Malawi, ndipo mbatata ya kachewere yolimidwa ku Tsangano imagulitsidwa mbali zonse ziwiri m'chilankhulo chimodzi. Mu Ogasiti mafumu a Achewa ochokera m'mayiko atatu amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mu 2005 bungwe la UNESCO litalemekeza Gule Wamkulu, linamulemba m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Oscar sadziwa zimenezo. Iye amafunsa dziko limodzi, komiti imodzi, filimu imodzi. Tiyerekeze kuti mtsikana wa ku Domwe walemba nkhani, wojambula wachokera ku Lilongwe, ochita sewero ena ndi a ku Chipata. Pa chikhalidwe ndi ntchito ya banja limodzi, koma pa fomu ayenera kusankha mbendera, ndipo akasankha yathu akapikisane kaye ndi mafilimu a Chipwitikizi a ku likulu kuti komiti imuone.

Ngakhale utadutsa zonsezi, patsala ndalama. Wovota sangavotere filimu yomwe sanaione, ndipo mafilimu okwana 80 kapena 90 palibe amene angawamalize onse. Choncho eni mafilimu amachita kampeni: amalipira maholo ku Los Angeles, New York ndi London kuti mamembala adzaonere ulere, amagula malo m'magazini a ntchitoyi, amalemba ntchito akatswiri okopa atolankhani, ndipo wotsogolera ndi ochita sewero amatha miyezi akuyendayenda kukacheza ndi ovota. Anora, yomwe inapata mphotho yaikulu mu 2025, inapangidwa ndi madola pafupifupi 6 miliyoni, koma kampani yoigulitsa inawononga pafupifupi 18 miliyoni poitsatsa, poifalitsa ndi pa kampeni. Pa ndalama zathu ndi mameticais opitirira 1 biliyoni. Walira mvula walira matope.

Bambo waimvi wa pachithunzi chija ndi Walter Salles, ndipo njira yomwe filimu yake Ainda Estou Aqui inadutsa ikuonetsa bwino momwe zimayendera. Inayambira ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 2024, komwe inapata mphotho ya nkhani yolembedwa bwino. Kampani ya Sony Pictures Classics inaitenga kukaionetsa ku America. Kwawo anthu mamiliyoni anakhamukira m'maholo kukaona nkhani ya Eunice Paiva, mayi yemwe mwamuna wake anatengedwa ndi asilikali a boma mu 1971 osabwereranso. Fernanda Torres, yemwe anasewera mayiyo, anapata mphotho ina yotchuka ya ku America, Golden Globe, mu Januwale 2025, dzina la filimuyo n'kumveka paliponse. Pofika pa 2 Malichi, usiku wa Oscar womwe unakumana ndi Carnaval, ovota ambiri anali ataiona. Chikondwerero chachikulu, kampani yamphamvu, oonera a kwawo, kenako kampeni: masitepe ake ndi amenewo, ndipo Brazil, dziko la ma novela omwe timaonera madzulo alionse, linadikira mpaka 2025 kuti liwakwere onse.

Africa yense, kufikira mwambo wa 2025, anapata mphotho imeneyi katatu. Mu 1970 inapita ku Algeria ndi filimu ya Z, ya Chifalansa, yokamba za ndale za ku Greece. Mu 1977 inapita ku Côte d'Ivoire ndi filimu yotsogoleredwa ndi Mfalansa, Jean-Jacques Annaud. Yachitatu ndi Tsotsi ya ku South Africa mu 2006, ndipo iyi yokha ndiyo imalankhula zilankhulo za m'makomboni a Johannesburg, zomwe abale athu opita ku Joni amabwera nazo pakamwa. Lupita Nyong'o wa ku Kenya anapata Oscar mu 2014 ndipo tonse tinanyadira, koma anaipata posewera mufilimu ya Chingerezi yokamba za ukapolo ku America, khomo lina losiyana ndi lomwe tikukamba pano.

Ndikanakhala kuti ndikulangiza wachinyamata wa kuno, ndikanamuuza kuti ayambe wayang'ana mipikisano ya mu Africa momwemuno, komwe anthu a mbali yathu apambanako kale. Africa Movie Academy Awards, yodziwika kuti AMAA, anaiyambitsa ndi malemu Peace Anyiam-Osigwe mu 2005 ku Yenagoa, m'dziko la Nigeria. Kumeneko wopanga filimu amatumiza yekha osadikira komiti ya dziko, oweruza amaonera n'kusankha, ndipo pali mphotho yapadera ya filimu ya chilankhulo cha mu Africa yomwe inatchedwa dzina la Ousmane Sembène. Mu 2010 Tapiwa Gwaza wa ku Malawi anapata mphotho ya mkazi wothandizira pa sewero mu Seasons of a Life. Mu 2013 mphotho yomweyo inabwera kwathu kudzera mwa Hermelinda Cimela mu Virgem Margarida, ndipo chaka chomwecho The Last Fishing Boat ya Joyah inapata ya nyimbo. Mu 2019 Resgate ya Mickey Fonseca inatenga ziwiri, ya nkhani yolembedwa bwino ndi ya kakonzedwe ka malo ojambulira. Fonseca ndi mnzake anasonkhanitsa ndalama zake kwa zaka zambiri pojambula zotsatsa malonda ndi kupempha anthu kuti asonkhe, ndipo mu 2020 inakhala filimu yoyamba ya ku Mozambique kulowa pa Netflix. Palinso Africa Magic Viewers' Choice Awards ya kampani ya MultiChoice, yomwe inayamba mu 2013 ku Lagos, komwe magulu ena amavotera ndi oonera. Joyce Mhango Chavula anapata ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa mu 2016 ndi Lilongwe, Joyah n'kudzaipata mu 2018. Ndipo sitima ya mchere ndi shuga ija, yomwe ku Los Angeles sinadutse sefa, ku Tunisia inatenga Tanit d'Or, mphotho yaikulu ya chikondwerero cha Carthage, mu 2017 momwemo.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti dziko lino linayamba bwino pa nkhani ya kanema. Titangolandira ufulu, boma la Samora Machel linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, yomwe inkatulutsa Kuxa Kanema, nkhani za mphindi 10 zoonetsedwa m'maholo, ndipo magalimoto onyamula makina ankapita nazo kumidzi, chinsalu n'kupachikidwa pabwalo. Nkhondo inaimitsa magalimotowo, moto unawononga nyumba ya bungwelo mu 1991, ndipo maholo ambiri m'dziko muno anatsekedwa kapena kusanduka matchalitchi. Nkhondoyo inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'chigawo chathu chino. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Azevedo anajambula A Árvore dos Antepassados, kutsatira banja lina pa ulendo wobwerera kuchokera ku Malawi kudzafuna mudzi wawo ndi mtengo wa makolo kuno ku Tete. Nkhani zoterezi zili m'nyumba iliyonse ya ku Angónia. Agogo omwe anakwirira mbale ndi makasu pothawa, ana obadwira m'misasa ya ku Dedza ndi ku Ntcheu omwe lero ali ndi zitupa ziwiri, midzi yosamutsidwa chifukwa cha malasha ku Moatize, mlimi wa fodya pa tsiku lomwe kampani ikuyeza mabelo ake. Zojambula sizikusowa.

Chosowa ndimachiona ndikamaonera masewero a achinyamata athu. Zithunzi za mafoni a masiku ano n'zoyera ndithu, ndipo ochita sewero ena ali ndi luso lobadwa nalo, loti munthu umaiwala kuti ukuonera sewero. Chimagwetsa ntchito ndi mawu. Mphepo ya ku Tsangano imalowa mu foni, tambala amalira pafupi kuposa wolankhula, njinga yamoto ikadutsa chiganizo chonse chapita. Oweruza amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma mawu osamveka amawatopetsa m'mphindi zochepa. Chachiwiri ndi nkhani yosalembedwa, yomwe anthu amangopangana pamalo kuti iwe unene chakuti, mpaka gawo la 12 osadziwa kothera. Chachitatu ndi womasulira wodziwa kunyamula mwambi wa Chichewa kuuika m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi osautaya fungo. Zitatuzi sizifuna mabiliyoni. Maikolofoni yabwino imodzi, kope lolembamo nkhani yonse kujambula kusanayambe, ndi mphunzitsi mmodzi wa zilankhulo wa ku sekondale, n'zinthu zomwe gulu la anthu khumi lingathe kusonkherana pokolola.

Mnyamata uja ndinakumana nayenso patapita milungu iwiri, ali pa njinga atanyamula matumba a soya. Ndinamufotokozera zonsezi titaima pansi pa mtengo pafupi ndi siteji ya shapa. Za ovota 10,000 sanazisamale kwenikweni. Za Britain kutumiza filimu ya Chichewa anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona. Titafika pa masiku 7 a m'holo anakhala chete, kenako anafunsa kuti akuluakulu a za mafilimu amakhala kuti. Ndinamuuza kuti ku Maputo, makilomita opitirira 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete, kuwonjezapo oposa 200 ochokera kuno kukafika pa mlatho wa Zambezi. Anawerengera pa zala ndalama ya basi, n'kundiuza kuti iye ndi anzake ali ndi sewero la magawo anayi lomwe anajambula ku Domwe, la mayi wobwerera kuchokera ku msasa n'kupeza munda wake ukulimidwa ndi mlamu wake. Magawo atatu ali kale pa YouTube. Lachinayi anati aligwira kaye mpaka apeze maikolofoni.